Dzino la kumapeto likachotsedwa, munthu amadwala ndithu

Kalata yanu yandikhudza, Aphunzitsi, chifukwa njira imeneyi ndinaidutsa. Mwati anakuchotsani dzino la kumapeto la m'munsi, lero ndi tsiku lachitatu, tsaya latupa, kukamwa kukukanika kutseguka, ndipo akuntchito akudabwa kuti dzino limodzi lingagoneke bwanji munthu wamkulu.

Langa linamera mopingasa, litatsamira linzake, moti dokotala anachita kucheka nkhama, kupala fupa pang'ono ndi kulidula zidutswa asanalitulutse, kenako anasoka. Mano amenewa amamera mochedwa, kawirikawiri pakati pa zaka 17 ndi 25, malo atatha kale m'nsagwada, n'chifukwa chake ambiri amapanikizika m'fupa. Kuchipatala anandifotokozera bwino za bala, koma za mmene ndikakhalire kunyumba palibe anazitchula. Supuni inkakana kudutsa pakati pa mano, ndipo ndinkachita kuipendeketsa n'kumakoka phala ndi milomo. Usiku ndinkadzidzimuka pilo atanyowa ndi malovu osakanikirana ndi magazi. Fungo la m'kamwa linkandichititsa manyazi, moti ndinkayankhula nditayang'ana kumbali, ndipo pamene a m'nyumba ankatema nsima ya usipa, ine ndinkakhala potero ndi mbale ya nthochi zokanyakanya, njala ikundipweteka. Mlomo wa m'munsi unachita dzanzi kwa kanthawi ndithu, chifukwa mtsempha wake umadutsa pafupi ndi mizu ya dzinolo, ndipo mantha oti ukhala choncho mpaka kalekale ankandisowetsa tulo kuposa ululu.

Ndikunena motsindika kuti imeneyi ndi opaleshoni ya pa fupa, ndipo amene akuiyerekeza ndi kuzula dzino logwedera la mwana akukulakwirani. Munthu amene sakudya mokwanira, sakugona, ndiponso sakutha kuyankhula bwino ndi wodwala, ngakhale bala lake litaoneka laukhondo. Madokotala a mano ayenera kumanena zimenezi wodwala asanakhale pampando, kuti akonzeretu chakudya chofewa ndi masiku opuma. Inuyo ntchito yanu ndi ya pakamwa, ndipo kukweza mawu tsiku lonse m'kalasi yodzaza ana kumakoka minofu yomwe yaumayo. Chinanso chimene chimandiwawa ndi malangizo a anthu obwera kudzazonda: wina akuti ikani fodya pabala, wina akuti tsukani ndi kachasu, wina akuti finyirani Aspirin pamenepo. Aspirin woikidwa pa nkhama amawotcha mnofu, ndipo zonsezi zimasokoneza magazi oundana m'dzenje la dzino, amene ndiwo akuphimba fupa kuti lichire.

Tsono muchite chiyani

Zimene mukuonazo n'zoyembekezeka, pakuti kutupa kumafika pachimake tsiku lachiwiri kapena lachitatu, pomwe kuuma kwa nsagwada kungathe kutenga sabata imodzi kapena ziwiri. Popeza maola 24 oyamba adutsa, muzichukucha pang'onopang'ono ndi madzi ofunda amchere mukatha kudya, osalavula mwamphamvu, osasuta, osamwera pa kapaipi koyamwira. Idyani phala lozizirako, mazira, mbatata yophika ndi chambiko, ndipo mtedza, chimanga chokazinga ndi nzimbe zidikire. Imwani mankhwala monga anakulemberani. Brufen amwedwe mutadya, ndipo ngati muli ndi zilonda zam'mimba kapena ndinu oyembekezera, uzani dokotala musanamwe.

Ululu ukamakula m'malo mochepa pakati pa tsiku lachitatu ndi lachisanu, n'kumalasa mpaka kukhutu, m'kamwa mukununkha, mwina magazi oundana aja achoka, ndipo mubwerere kuchipatala akatsuke ndi kuikapo mankhwala. Mukatentha thupi, kutupa kukamapitirira, kapena mukamavutika kumeza ndi kupuma, pitani tsiku lomwelo. Mukafika kumeneko, pemphaninso kalata yoti mupumule masiku angapo, mukapereke kwa a hedi.