Uvuni wa gasi wa m'khoma ukuzima mukangosiya batani

Achemwali, mwati moto ukuyaka bwinobwino koma ukuzima mukangochotsa dzanja pa batani, ndipo mukufuna kungogula uvuni wina. Musafulumire. Kawirikawiri vutolo limakhala la thermocouple, kachitsulo konga msomali kamene nsonga yake imakhudza lawi. Kakatentha ndiye kamalola gasi kuti azidutsa. Kakakutidwa ndi mwaye, kakapindikira kutali ndi lawi kapena kakatha, gasi amatsekeka. Kameneka n'kotsika mtengo ndithu.

Musanafunefune sipeya, tsegulani chitseko muyang'ane m'mbali mwa felemu. Pali kapepala kolembapo modelo ndi siriyo nambala. Kajambuleni pa foni, chifukwa dzina la kampani lokha silithandiza wogulitsa. Onaninso ngati uvuniwo ndi wa gasi wa m'silinda kapena wa m'mapaipi, chifukwa majeti ake (timabowo totulutsira gasi) amasiyana.

Mukaganizabe zosintha, yezani bowo la kabati, osati chitseko cha uvuni. Mauvuni ambiri a masentimita 60 amalowa m'bowo la masentimita pafupifupi 56 m'lifupi.

Chonde, zolumikiza gasi musachite nokha. Poti muli ku Britain, lamulo limafuna mmisiri wolembetsedwa ku Gas Safe Register, kaundula wa amisiri ovomerezeka kugwira ntchito za gasi.