Masiku atatu ku Kraków: ndiagawe bwanji?

FUNSO: Ndine mayi wa ku Area 18 kuno ku Lilongwe. Mwana wanga wamkazi akumaliza maphunziro ku Kraków m'dziko la Poland, ndipo wandiitana ku mwambo wolandira digiri. Mwambowo ukatha ndidzakhala ndi masiku atatu okha. Iye akufuna kuti tikaone msasa wa Auschwitz ndi mgodi wa mchere tsiku limodzi, koma ine mawondo amandivuta, komanso monga Mkatolika ndikulakalaka kuona malo amene Papa John Paul II ankatumikira. Ndithandizeni maganizo.

YANKHO: Mayi, tikukondwera nanu chifukwa cha mwana wanuyo. Langizo langa ndi lakuti malo awiriwo musawaphatikize tsiku limodzi, ndipo chifukwa chake ndichifotokoza.

Tsiku loyamba mulipereke ku mzinda wakale, umene muyenera kuuyenda wapansi mosathamanga. Kraków unali mzinda wa mafumu mpaka cha m'ma 1596 pamene likulu linasamukira ku Warsaw, monga momwe lathu linachokera ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse sinaugumule monga inachitira ndi Warsaw, n'chifukwa chake nyumba zake zakale zidakalipo, ndipo mu 1978 bungwe la UNESCO linauika pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa. Yambirani pa bwalo lalikulu la Rynek Główny, limene linayalidwa mu 1257 ndipo mbali iliyonse ndi yotalika pafupifupi mamita 200. Pakati pake pali Sukiennice, msika wakale wa nsalu, momwe lero amagulitsamo ziboliboli ndi mikanda yoti mukatengere abale. Ola likamakwana, khalani pansi pafupi ndi tchalitchi cha Mariacki: munthu amaliza lipenga pa zenera la nsanja yaitali, kuloza mbali zonse zinayi, koma nyimboyo imadukira pakati. Anthu akumeneko amasimba kuti amakumbukira mlonda amene analasidwa muvi pakhosi akuchenjeza mzinda za adani. Mulowenso mkati kuti muone guwa la nsembe limene Veit Stoss anasema pa mitengo kuyambira 1477 mpaka 1489.

Masana mupite pa chitunda cha Wawel, m'mbali mwa mtsinje wa Wisła, pomwe pali nyumba yachifumu ndi tchalitchi chachikulu chimene mafumu ankavekedweramo ufumu ndi kuikidwamo m'manda. M'chipinda cha pansi pa tchalitchicho ndi momwe Karol Wojtyła, amene pambuyo pake anakhala Papa John Paul II, anapereka nsembe yake yoyamba ya Misa pa 2 Novembala 1946. Anakhala arkiepiskopi wa Kraków kuyambira 1964 kufikira pamene anasankhidwa kukhala Papa mu 1978, ndipo ndi yemweyo amene anafika kuno ku Malawi mu 1989. Makwerero opita ku belu lalikulu la Zygmunt ndi opanikiza, choncho amenewo musiyire mwana wanu. Pobwerera mudzere msewu wa Franciszkańska, nyumba nambala 3, muone zenera limene Papayo ankalankhulirapo ndi achinyamata usiku.

Auschwitz-Birkenau ili ku Oświęcim, pafupifupi makilomita 70 kuchokera mu mzindawo, ndipo imafuna tsiku lathunthu. Uwu unali msasa wa chipani cha Nazi cha ku Germany pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo kumeneko kunaphedwa anthu pafupifupi 1.1 miliyoni, ambiri mwa iwo Ayuda, msasawo usanamasulidwe pa 27 Januwale 1945. Mukaona milu ya nsapato za ana, tsitsi la amayi ndi masutikesi olembedwa maina a eni ake, komanso chipinda cha mu Block 11 momwe Woyera Maximilian Kolbe anafera mu 1941 atadzipereka m'malo mwa bambo wapabanja. Munthu wochoka pa malo otere amakhala ngati wochoka pa maliro, ndipo sindikuona kuti n'koyenera kuti madzulo omwewo akajambulitse zithunzi mu mgodi. Mwana wanu alembetseretu malo pa intaneti, pakuti amatha msanga, ndipo muvale nsapato zofewa chifukwa mtunda woyenda ndi wautali.

Mgodi wa mchere wa Wieliczka ndi wokongoladi, makamaka tchalitchi cha Woyera Kinga chosemedwa mu mchere mamita 101 pansi pa nthaka, koma njira yake ili ndi masitepe pafupifupi 800. Ndi mawondo anuwo, ndingasankhe kuti tsiku lachitatu mukwere tramu, kasitima koyenda m'misewu ya mu mzinda, kupita ku Łagiewniki, kumene kuli manda a Woyera Faustina Kowalska, sisiteri amene anamwalira mu 1938. Mukafikeko isanakwane 3 koloko masana kuti mupemphere nawo kolona ya Chifundo cha Mulungu pamalo pamene panaikidwa sisiteriyo, amene anayambitsa pempherolo.

Ndalama yakumeneko ndi złoty, osati yuro, ndipo tikiti ya tramu muziidinditsa pa kamakina ka mkati mukangokwera, chifukwa oyendera akakupezani ndi yosadinda amalipiritsa chindapusa.