Kodi n'zoona kuti khansa imadya shuga, ndiye wodwala asiye nsima?

Achemwali, pepani ndi matenda a mayi. Mwati apezeka ndi khansa ya khomo la chiberekero, akulandira chithandizo ku Queens, ndipo achibale akuti muwaletse shuga, nsima ndi mpunga kuti chotupacho chife ndi njala. Musawaletse. Zoti khansa imakonda shuga zili ndi maziko enieni, koma kumana wodwala chakudya kumapweteka wodwalayo, chotupacho chili phee.

Nsima, mbatata, chinangwa, buledi, zonsezi zikagayidwa m'matumbo zimasanduka shuga wotchedwa glucose, amene magazi amagawira maselo onse. Selo ikalandira shugayu imamugwiritsa ntchito m'magawo awiri. Poyamba imamudula pakati, n'kutuluka tizidutswa tiwiri totchedwa pyruvate. Gawo limeneli ndi glycolysis, silifuna okosijeni, ndipo phindu lake ndi lochepa, ma ATP 2 okha pa shuga mmodzi. ATP ndiye ngati ndalama imene selo imalipirira ntchito iliyonse imene ikugwira. Kenako tizidutswa tija timalowa m'tizipinda totchedwa mitochondria, mmene timapsa ndi okosijeni mpaka kutsala madzi ndi mpweya umene timatulutsa popuma. Njira yonseyi ikatha, shuga mmodzi yemweyo amapereka ma ATP pafupifupi 30 mpaka 32. Ili ngati mbaula yabwino imene imapsereza makala mpaka phulusa, osataya kanthu.

Selo yabwinobwino imadalira kwambiri gawo loyamba lija ikapanikizika. Mukakwera phiri la Soche mothamanga, minofu ya m'miyendo imafuna mphamvu msanga kuposa mmene mitochondria ingaperekere, choncho pyruvate wotsala amasanduka chinthu china chotchedwa lactate. Mukapumula, zimabwerera m'malo mwake.

Maselo ambiri a khansa amachita zimenezi usana ndi usiku, okosijeni ali pomwepo. Amameza shuga wochuluka zedi, kumudula pakati, n'kulavula lactate. Amene anazindikira izi ndi Otto Warburg wa ku Germany m'zaka za m'ma 1920, n'chifukwa chake madokotala amazitchula ndi dzina lake. Iye ankaganiza kuti mitochondria za maselo a khansa ndi zowonongeka ndipo ndicho chiyambi cha matendawa. Apa anaphonya. M'makhansa ambiri mitochondria zimagwira ntchito ndithu, ndipo chimene chimayamba ndi kusokonekera kwa majini olamulira kukula kwa selo. Pa matenda a mayi, kachilombo koyambitsa khansayi kotchedwa HPV kamapanga puloteni yotchedwa E6 imene imawononga p53, mlonda amene amaletsa selo kugawikana mwachisawawa komanso amachepetsa liwiro la glycolysis. Pa Burkitt lymphoma, khansa ija imatupitsa nsagwada kapena mimba za ana kwathu kuno, jini yotchedwa MYC imangokhala yoyaka, ndipo chotupa chimatha kuwirikiza kawiri pa tsiku limodzi kapena awiri.

Nanga selo ingasankhirenji njira ya ma ATP 2 kusiya ya 30? Pamenepa ndiye pagona nkhani. Selo ya khansa cholinga chake ndi kumanga selo ina, ndipo womanga nyumba sasonkhera moto mitengo yonse, ina amasunga ya denga. Shuga akapsa mpaka kumapeto, kaboni yense amachoka ngati mpweya. Koma akangodulidwa pakati, tizidutswa ta panjira timapatutsidwa: tina timakapanga shuga wa ribose womangira DNA, tina mafuta a khungu la selo yatsopano, tina zomangira mapuloteni. Komanso glycolysis ndi yachangu kwambiri, choncho phindu lochepalo selo imalikwaniritsa ndi kuchuluka kwa shuga amene ikumeza. Imawonjezera zipata zolowera shuga zotchedwa GLUT1 pakhungu lake kuti izilanda msanga kuposa anzake oyandikana nawo.

Palinso nkhani ya mpweya. Okosijeni sayenda mtunda woposa mamilimita 0.2 kuchoka pa kamtsempha ka magazi. Chotupa chimakula mofulumira kuposa mitsempha yake, ndiye maselo a mkatikati amabanika, n'kuyatsa puloteni yotchedwa HIF-1 imene imakoleza glycolysis ndi kuitanitsa mitsempha yatsopano. Asidi amene amatuluka pamodzi ndi lactate amawawasa malo ozungulira chotupa, kufooketsa asilikali a m'thupi ndi kufewetsa minofu kuti khansa ipeze polowera. Apa ndi pamene pamachokera bodza lina lija, loti mumwe soda kapena madzi a mandimu kuti muchotse asidi. Magazi amakhala pa pH (muyeso wa asidi) ya 7.35 mpaka 7.45 chifukwa mapapo ndi impso zimawasunga pamenepo, kaya mwadya therere la chidulo kaya ayi. Kumwa soda wambiri kungathe kusokoneza mchere wa m'magazi ndi kagundidwe ka mtima.

Tsono chifukwa chake kumana wodwala chakudya sikuthandiza ndi ichi. M'magazi onse a munthu wamkulu mumakhala shuga pafupifupi magalamu 4 basi, kasupuni kamodzi ka tiyi, ndipo thupi sililola kuti atsike kwambiri popeza ubongo wokha umafuna magalamu pafupifupi 120 patsiku. Mayi akasiya nsima, chiwindi chimayamba kutulutsa shuga amene chinasunga, ndipo ameneyo amatha pakapita pafupifupi tsiku limodzi. Akatha, chiwindi chimapanga shuga watsopano kuchokera ku minofu ya wodwalayo. Chotupa chimadyabe, kungoti tsopano chikudya ntchafu ndi mikono ya mayi. Ndipo ngakhale shuga atachepa, maselo ambiri a khansa amadyanso glutamine (chimodzi mwa zomangira mapuloteni), amene ali wochuluka m'magazi, ena amadya mafuta, ena lactate yemwe uja.

Onjezani ichi. Lactate amene chotupa chimataya amapita kuchiwindi kukasandutsidwanso shuga, ndipo ntchito imeneyo imadyera thupi ma ATP 6 pomwe chotupa chinapindula 2. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene odwala khansa amaondera chonsecho akudya. Mudzaona zitenje zikuyamba kuzungulira kawiri, mphete ikuvuka yokha pachala. Wodwala akaonda chotero, magazi amachepa, mankhwala a kemo amamufooketsa kwambiri, ndipo nthawi zina madokotala amakakamizika kuchedwetsa chithandizo. Kwa odwala khansa ya kummero, amene kumeza kumawavuta kale, uphungu woletsa zakudyawu ndi woopsa kwambiri.

Khalidwe la khansali madokotala amaligwiritsa ntchito, koma m'njira zina. Amene anatumizidwapo ku India kapena ku South Africa mwina anajambulidwa ndi makina a PET. Wodwala amakhala osadya kwa maola 4 mpaka 6, amabayidwa shuga wonamizira wotchedwa FDG amene amatulutsa cheza, ndipo selo ikammeza imalephera kumugaya, amangounjikana mkati. Malo olusa shuga amawala pachithunzi. Ubongo umawalanso, ndipo TB imawala chimodzimodzi chifukwa asilikali a m'thupi akakhala pankhondo nawonso amadya shuga motere, choncho chithunzi chokha sichikwanira popanda kudula kanyama n'kukapima. Mankhwala ena a khansa amamanadi maselo chakudya, monga asparaginase wa ana odwala khansa ya m'magazi, koma amatero molunjika chinthu chimodzi chimene selo ya khansayo siingathe kudzipangira yokha, zomwe mbale ya kunyumba singachite.

Chimene mayi akufunika ndi chakudya chokwanira. Wodwala khansa amafuna mapuloteni pafupifupi galamu 1 mpaka 1.5 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku. Ngati akulemera makilogalamu 50, ndiye magalamu 50 mpaka 75, ndipo dzira limodzi lili ndi pafupifupi 6. Apatseni phala la mgaiwa kapena Likuni Phala lothira nsinjiro ndi mkaka, usipa, nyemba, mazira, mapeyala, masamba otendera, nsima yofewa. Ngati nseru ikuwavuta, azidya pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku, ndipo muwauze anamwino chifukwa mankhwala oletsa kusanza alipo. Kasupuni ka shuga m'phala si vuto ngati ndi kamene kakuwathandiza kulimaliza. Zakumwa zotsekemera za m'mabotolo zokha ndizo zosafunika kuchulutsa, chifukwa zimadzaza m'mimba popanda chomanga thupi.

Zimasintha ngati mayi alinso ndi matenda a shuga. Pamenepo tsatirani za kuchipatala, makamaka popeza mankhwala monga dexamethasone, amene amaperekedwa limodzi ndi kemo, amakweza shuga m'magazi. Muziwayeza pasikelo sabata iliyonse n'kulemba m'buku lawo la kuchipatala. Akatsika ndi makilogalamu 2 kapena 3 pa mwezi umodzi, musadikire tsiku limene anakulemberani, pitani nawo mukawauze adokotala.