Afisi ndi ng'ona zikamatha ng'ombe m'chilimwe

Msipu ukauma cha mu Seputembala ndi Okutobala, alimi a ku Chikwawa ndi Nsanje amatsitsira ng'ombe kumadambo a m'mbali mwa Shire, mpaka cha ku dambo lalikulu la Elephant Marsh. Apa ndi pamene mafunso awa amatichulukira alangizife.

Funso: Ndapeza thole litafa m'mawa. Ndidziwa bwanji chomwe chalipha?

Yambani mwaona mapazi anthu asanapondeponde pamalopo. Phazi la fisi limaonetsa zikhadabo ngati la galu, ndipo lakutsogolo limakula kuposa lakumbuyo. Fisi amang'amba kumimba, kubere kapena kumatako, n'kutafuna ndi mafupa omwe. Nyalugwe ndi mkango amagwira pakhosi, ndipo mapazi awo saonetsa zikhadabo. Kenaka sendani chikopa pamene pali bala. Ngati chiweto chinalumidwa chili moyo, mupeza magazi oundana kunsi kwa chikopa. Mukapanda kuwapeza, chinafa kale, mwina ndi matenda, fisi anangotola. Nyama yotere musadye kapena kugulitsa. Itanani alangizi a ziweto.

Funso: Khola ndili nalo, koma fisi akulowabe. Ndikulakwitsa pati?

Makola ambiri a kudambo amamangidwa mwachangu poti ndi ongoyembekezera, ndipo fisi amapezerapo mwayi pomwepo. Iye sakonda kudumpha: amakumba pansi kapena kupanikiza mutu pampata mpaka mtengo utagwedera. Zikani mitengo yolimba mothithikana, yotalika mamita 2, ndipo dzenje lililonse lifike theka la mita. Ngati mwagula waya wolukana, m'munsi mwake mukwirire masentimita 30, mutsindire ndi miyala. Kunja yalani minga, tsinde la nthambi liloze m'kati kuti fisi asapeze pokokera.

Chitseko ndicho chimagwetsa alimi ambiri. Mipiringidzo itatu yopingasa imatsekera ng'ombe zokha, fisi amangodutsa pansi. Ikani chitseko cha malata kapena matabwa chofika pansi penipeni. Matole agone m'kakhola kawo kofolera, kufupi ndi pogona abusa. Tsekaninso mipata ndi bango kapena mapesi, chifukwa ng'ombe zikaona chilombo zimadzidzimuka n'kuthyola khola zokha.

Nyali zothwanima za sola zimathandiza. Njirayi anaitchukitsa Richard Turere ali mnyamata woweta ng'ombe pafupi ndi Nairobi National Park ku Kenya. Muziziloza kunja kwa khola ndi kumazisuntha, apo ayi zilombo zimazolowera.

Funso: Nanga ng'ona pomwetsa?

Ng'ona imaphunzira malo ndi nthawi. Musamwetse padooko limodzi tsiku ndi tsiku, ndipo pewani mbandakucha ndi chisisira. Chabwino koposa n'kukumba chitsime kapena kuika chomwera patali ndi mtsinje. Zikakanika, zikani mitengo mothithikana pamadzi osaya kuti ng'ombe zizimwera m'kati mwa mpandawo. Ntchito yomwetsa musaisiyire ana okha, chonde.

Funso: Bwanji ndingothira poizoni wa temeki pamtembo fisiyo afe?

Ayi ndithu, musatero. Ndi mlandu, ndipo poizoni sasankha: amapha miimba yomwe imatichotsera mitembo ya matenda, agalu anu, ngakhale munthu amene angatole nyamayo. Kwirirani mtembo mozama kutali ndi khola kuti fungo lisaitane afisi. Jambulani mapazi ndi mabala pafoni, mudziwitse amfumu, kenaka akuluakulu oona za nyama zakutchire omwe ali pafupi, monga a ku nkhalango yotetezedwa ya Lengwe, tsiku lomwelo mapazi asanafufutike.