Mwana wakhoza bwino, kodi boma limulipirira ku koleji?

Mayi wina wandilembera imelo. Akuti mwana wawo wamkazi wakhoza bwino kwambiri, malo ku koleji apezeka, ndiye akufuna kudziwa ngati boma limulipirira komanso mmene limasankhira anthu oti liwathandize.

Mayi, mwanayo mumuyamikire ndithu. Koma musakhazikike mtima chifukwa cha mapointi okha. Kukhoza kumamupezetsa malo m'kalasi, pomwe ndalama za boma m'mayiko ambiri zimatsata umphawi wa banja. Amafunsa kuti makolo amapeza zingati, alipo kapena anamwalira, akusamala ana angati.

Ku South Africa bungwe la boma lolipirira ophunzira, la NSFAS, limathandiza mwana wochokera m'banja lopeza ndalama zosaposa ma randi 350,000 pa chaka, ndipo kuyambira 2018 thandizolo sabweza. Vuto la malire oterewa ndi loti banja likangopyola pang'ono, mwana amatsala. Makolo amaoneka opata pa pepala, chonsecho fizi sangaikwanitse. Ine ndimaona kuti ana a anthu apantchito za malipiro apakatikati ndiwo amalira kwambiri, ndipo owalankhulira ndi ochepa.

Zina ziwiri n'zachidule: nthawi zambiri amafuna kuti mwana akhale nzika ya dziko lomwe akupemphako, ndipo koleji yake ikhale yovomerezeka. NSFAS salipirira wophunzira wa koleji yomwe si ya boma. Ku Malawi bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, limalandira ndi a m'makoleji omwe si a boma, bola akhale ovomerezeka.

Tsono apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse. "Thandizo" nthawi zambiri ndi ngongole. Ku United States, wolemba fomu yopemphera thandizo la boma, ya FAFSA, akhoza kupeza ndalama zotchedwa Pell Grant, zomwe sabweza, komanso ngongole ya chiwongoladzanja, zonse m'kalata imodzi. Ku Germany thandizo la boma kwa ophunzira, lotchedwa BAföG, theka ndi laulere, theka ndi ngongole yopanda chiwongoladzanja. Ku England munthu amayamba kubweza malipiro ake akapyola mlingo woikika, ndipo amamudula 9 peresenti ya ndalama zopyolazo. Choncho mwanayo asanasaine, awerenge: adzayamba liti kubweza, chiwongoladzanja chilipo, nanga ndalamazo ndi za fizi yokha kapena ndi malo ogona ndi mabuku omwe?

Mapepala yambani kusonkhanitsa lero: chiphaso cha unzika, kalata ya ku koleji, umboni wa malipiro anu, ndi satifiketi ya imfa ngati kholo lina linatisiya. Fomu yochedwa kapena yosakwanira amangoiika pambali, ngakhale banjalo likhale losaukitsitsa. Musachepetse malipiro anu pa fomu pofuna chifundo, chifukwa akatulukira amamuchotsa mwana pa mndandanda. Ndipo akalandira, mumuuze kuti m'malo ambiri thandizoli amaliunikanso chaka ndi chaka, kotero akamalephera mayeso likhoza kuimitsidwa ali pakati pa maphunziro.