Achemwali a ku Ntcheu afunsa: ndipereke theka Lachisanu kuti nyumba ya ku Dedza isandiphonye?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina mphunzitsi ku Ntcheu, dzina sinditchula, ndingoti achemwali. Nkhani yawo ili chonchi: ali ndi nyumba ya zipinda zitatu yomwe anamanga okha cha ku Ntcheu boma pa malo omwe anagula kwa munthu wa m'mudzi, pepala lomwe ali nalo ndi kalata ya chidindo cha amfumu basi. Atsala pang'ono kupuma ntchito ndiye akufuna agulitse imeneyo akagule ina ku Dedza boma kufupi ndi ana awo. Ejenti wawapezera kale nyumba, wogulitsa ndi mnyamata yemwe akuti inali ya malemu bambo ake, ndipo akuti apereke theka la ndalama pofika Lachisanu chifukwa pali wina wa ku Joni akuyifunanso. Ndiye akufunsa kuti, ndipereke? Nanga yangayi ndiyigulitse bwanji kuti asandiyende pansi?

Achemwali, musapereke. Lachisanu limenelo lifike, lidutse, ndalama yanu ikhale ku banki komweko. Wa ku Joni ameneyo ejenti aliyense ali naye m'thumba, ndipo ngakhale atakhala kuti alikodi, bola nyumba ikuphonyeni kusiyana ndi kutaya thukuta lanu la zaka zonsezi mukupuma fumbi la choko.

Ndikuyankhula chonchi chifukwa zinandionekera. Ine ndinagulapo puloti cha kumtunda kwa Bembeke kwa mnyamata waulemu wake, kalata tinalemberana, mboni ziwiri zinasayina, ndinathira mchenga matani awiri ndi njerwa ndithu. Tsiku lomwe amisiri anayamba kukoka chingwe cha fondeshoni kunabwera agogo ena aamuna atavala chikhoti cha mphepo, anangokhala pa mulu wanjerwawo osakalipa ayi, n'kunena mofatsa kuti, "Mwanawe, malo ano ndi a mbumba yanga, amene wakugulitsayo ndi mphwanga, anafunsa ndani?" Anali mwini mbumba. Nkhani inapita kwa amfumu, ndinaluza, ndalama inabwera theka patatha chaka ndi miyezi, njerwa zina anthu anali atatola kale usiku. Cholakwa changa chinali chimodzi, ndinafunsa wogulitsa yekha osafunsa eni ake enawo.

Ndiye tiyambe ndi nyumba ya malemuyo. Kukhala mwana wa malemu sikupatsa munthu mphamvu yogulitsa nyumba. Lamulo la chuma cha masiye la 2011, lija la Deceased Estates, limati ngati munthu wamwalira osasiya wilo, chuma chake n'cha mkazi kapena mwamuna wotsalayo, ana onse, ndi ena omwe ankadalira malemuyo. Ana onse ndithu, ngakhale aja obadwira kunjira omwe amatulukira tsiku la maliro. Amene angasayine zogulitsa ndi yekhayo amene khoti lamupatsa makalata oyendetsera chumacho, ma letters of administration, kapena amene anatchulidwa mu wilo ndipo khoti lavomereza. Ndiye mufunseni mnyamatayo: makalata amenewo ali kuti? Mayi anu alipo? Munabadwa angati? Akayamba zoti "aaa amayi ali kumudzi savuta", muwuzeni kuti chabwino tiyeni tikawaone, thiransipoti ndilipira ine. Mukafike, mukhale pamphasa, muwamve okha ndi pakamwa pawo akunena kuti inde tikugulitsa. Ndipo ndikupempheni, mukapeza kuti mayi wamasiye akukana kapena pali ana ang'onoang'ono omwe akugona m'nyumbamo, isiyeni nyumbayo ngakhale itchipe bwanji. Mlandu wake sutha, komanso inuyo simungagone tulo tabwino m'menemo.

Tsopano pepala la malowo. Musamangomva mawu oti "mapepala alipo", funsani kuti mapepala ake ati. Nyumba za pa boma zina zili pa lizi ya boma, kutanthauza malo obwereka ku boma, nthawi zambiri kwa zaka 99, zina zili pa mapuloti omwe anagawa a khonsolo, zina ndi za Malawi Housing Corporation, ndiye zambiri za m'mphepetemu zili pa malo a makolo. Chilichonse chili ndi khomo lake logogoda. Ngati ndi lizi, tengani fotokope ya chiphaso cha liziyo mupite nayo nokha ku ofesi ya malo kwa DC ku Dedza, kenako kukapangitsa search ku kaundula wa malo ku Lilongwe, poti Dedza ndi Ntcheu zonse zili m'chigawo chapakati, ulendo wake ndi wa makilomita 85 basi kuchokera pa Dedza, mupita m'mawa madzulo mwabwerako. Search imeneyi ndi imene imakuwuzani dzina lenileni la mwini wake, zaka zomwe zatsala pa liziyo, komanso ngati nyumbayo inaikidwa chikole ku banki kapena wina anaikapo chiletso. Mufunsenso ngati ground rent, lendi ya malo yopereka ku boma chaka ndi chaka, yakhala ikulipiridwa, chifukwa ngongole imeneyo imatsalira pa malowo, mudzaipeza ndinu. Ngati ndi puloti ya khonsolo kapena ya Housing, pitani ku ofesi zawo mukaone fayilo ndi maso anu, dzina lomwe lili mufayilomo ndi limene lili ndi ntchito osati la pa kalata ya ejenti.

Koma dziwani kuti ngongole ya katapila siyioneka pa search iliyonse. Imeneyo mumaimva kwa maneba. Pitani tsiku lina panokha opanda ejenti, mugule tomato pa kabenchi ka pafupipo, mucheze ndi amayi ogulitsawo, mufunse kuti kodi nyumba iyi mwini wake ndani, bwanji akugulitsa, malire ake amathera pati, kunabwerapo anthu ena kudzaona? Mphindi makumi awiri zokha mumva zomwe loya sangazipeze mwezi wathunthu. Safunsa anadya phula, achemwali.

Kusintha umwini pa lizi sikutha ndi kusayinirana kwa awiri. Pamafunika chilolezo chochokera ku unduna wa za malo, pamafunika tax clearance, kalata ya MRA yotsimikiza kuti za msonkho zili bwino, pali msonkho wa stamp duty wa 1.5 peresenti ya mtengo wa nyumbayo yomwe kawirikawiri amalipira ndi wogula, kuphatikizapo ya loya ndi yolembetsa. Ndalama zimenezi muziikiretu padera musanayambe kunenerera mtengo, anthu ambiri amathera yonse pogula kenako nyumba imakhala zaka khumi ili m'dzina la munthu wakale, iye akamwalira ana ake n'kuyambanso nkhani. Loyayo akhale wanu wopeza nokha, osati amene wabwera naye ejenti.

Malire nawo musawadumphe. Akuonetseni mabikoni, zizindikiro za malire zija, onse anayi, mugwire ndi dzanja, ngati palibe itanani saveya. Ndipo kwathu kuno kuli zinthu ziwiri zomwe anthu a kwina saziganizira. Choyamba msewu wa M1, malo a msewu waukulu ngati umenewu ndi mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa msewu, nyumba ikalowa m'menemo tsiku lina mudzapeza chizindikiro chofiira pakhoma. Chachiwiri malire a dziko, nonse mukudziwa kuti pa Lizulu ndi malo ena m'njira ya Ntcheu mpaka Dedza ukangowoloka msewu uli ku Mozambique, ndiye malo otchipa a tsidya linalo palibe ofesi ya ku Malawi yomwe ingakupatsireni pepala.

Nyumba yeniyeniyo kaioneni ndi mmisiri wanu amene mumamukhulupirira, mumulipire tsiku lake. Penti watsopano asakukopeni, nthawi zambiri penti wa dzulo amabisa zinazake. Dedza ndi kozizira, kwa nkhungu, malo ambiri ndi otsetsereka kuchokera kuphiri, ndiye chinyontho ndiye mdani wamkulu. Yang'anani m'munsi mwa khoma cha m'kati kuseri kwa kabati, mukaona pulasitala akufufuma kapena kuyoyoka ngati ufa ndiye kuti madzi akukwera kuchokera pansi, mwina pomanga sanaike pepala lakuda lija lotchinga chinyontho pa fondeshoni. Kandani ndi kiyi pakati pa njerwa panja, mukaona dothi likugwa mudziwe kuti anamangira matope n'kungopaka simenti pamwamba, sikuti ndi mlandu koma mtengo wake usafanane ndi ya simenti. Mng'alu wowongoka wa pulasitala siwoopsa kwenikweni, woopsa ndi uja woyenda ngati masitepe kuchokera pakona ya windo kutsika pansi, umenewo ndi fondeshoni ikukhala pansi. Mmisiriyo akwere mu siling'i ndi tochi, abaye mapulanga ndi sikuludiraiva aone ngati chiswe sichinadye m'kati, paini wosathira mankhwala chiswe chimamukonda koopsa. Ngati n'kotheka kaioneni mvula itangogwa kumene, Januwale kapena Febuluwale, muone komwe madzi a kumtunda amadutsa. Mufunsenso za mita ya ESCOM ndi bilu ya Central Region Water Board, ili m'dzina la ndani, ili ndi ngongole yanji.

Tibwere ku yanu ya ku Ntcheu. Apa ndikuwuzani zoona ngakhale zisakome: mafunso onse ndakupatsaniwa wogula wochenjera adzakufunsani inuyo, ndipo kalata ya amfumu yokha ndi pepala lopepuka. Pa malamulo malo a makolo si katundu woti munthu n'kungogulitsa ngati mbuzi pa msika wa Kampepuza. Malamulo a malo anasintha mu 2016 n'kukonzedwanso mu 2022, anabweretsa makomiti a malo pa gulupu aliyense, momwe mumakhala agulupu ndi anthu osankhidwa asanu ndi mmodzi, atatu mwa iwo amayi, komanso njira yolembetsera malo a makolo. Ndiye musanaike chikwangwani choti nyumba ikugulitsidwa, yambirani ku ofesi ya malo kwa DC ku Ntcheu, muwaonetse kalata yanuyo akuwuzeni kuti malo anuwo ali m'gulu liti ndipo njira yoyenera yosinthira dzina ndi iti. Kenako pitani kwa amfumu ndi kwa banja lomwe linakugulitsani, mwini mbumba wawo adziwe, kuti tsiku losayinirana adzakhalepo ngati mboni pamodzi ndi maneba a mbali zonse. Zimenezi zimakweza mtengo wa nyumba yanu kuposa penti. Ngati abambo akunyumba alipo, kapena ana akuluakulu, nawonso asayine, wogula asadzavutike m'tsogolo.

Mtengo musautenge m'mutu kapena kwa ejenti yekha. Ejenti amafuna zithe msanga adye komishoni yake, ndipo ena amaonjezera yawo pamwamba inu osadziwa, nyumba n'kukhala miyezi osagulidwa. Gwirizanani komishoni polemba musanayambe, ndipo wogula muzikumana naye nokha maso ndi maso. Ngati mungakwanitse lipirani valuer wovomerezeka, katswiri wowerengera mitengo ya nyumba, akuwerengereni. Konzani zing'onozing'ono, loko wothyoka, galasi losweka, lata lodontha, tchetchani pabwalo, koma musalowetse mamiliyoni m'matailosi poganiza kuti abwerera. Ndipo zolakwika zomwe mukuzidziwa nenani, wogulayo mudzakumana naye pa maliro ndi pa ukwati, dera lathu ndi laling'ono.

Chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri pa nkhani yanu ndi ndondomeko yake, chiyambe n'chiti. Mukagulitsa kaye n'kukhala ndi ndalama m'manja miyezi isanu ndi umodzi mukufunafuna, kwacha ikhoza kukuthawani. Tonse tikukumbuka Meyi 2022 pomwe inagwa ndi 25 peresenti, kenako Novembala 2023 ndi 44 peresenti, simenti ndi malata zinakwera sabata yomweyo ndipo eni nyumba anasintha mitengo pompo. Komanso mukapereka dipoziti ku Dedza yanu isanagulidwe mukhala pa mpanipani, mudzaigulitsa motaya kuti mukwanitse tsiku. Mapanga awiri avumbwitsa. Ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndi kukonza mapepala a ku Ntcheu, uku ndikufufuza nyumba ziwiri kapena zitatu ku Dedza osati imodzi yokha, kuti wogula wanga akangopezeka zonse ziyendere limodzi m'masabata ochepa. Ndipo mu mgwirizano wanu wogulitsa mulembemo kuti mutuluka patatha mwezi umodzi kapena iwiri ndalama yonse italowa, musapezeke muli panja ndi katundu nthawi ya mvula.

Za kalipiridwe, kaya mukugula kaya mukugulitsa, zidutse ku banki. Zonyamula ma K5,000 m'chikwama pa minibasi ya Ntcheu mpaka Dedza ayi, ndipo zotumiza pang'onopang'ono pa Airtel Money kapena Mpamba ku nambala ya ejenti ayinso. Ndalama ipite ku akaunti ya dzina lomwe lili pa mapepala, kapena isungidwe ndi loya mpaka zosintha umwini zitatheka. Inuyo pogulitsa musapereke makiyi kapena kalata yanu yeniyeni chifukwa cha meseji ya pa foni kapena sikirinishoti, pitani ku banki mukaone nokha kuti yalowadi. Wogula wa "ndikupatsani theka, inayo ndikakolola mbatatesi" mulembe naye masiku enieni ndi zomwe zichitike akalephera, ndipo asalowe m'nyumba asanamalize, chifukwa kumutulutsa munthu amene walowa kale ndi nkhani ya ku khoti.

Ndiye mawa muimbireni ejentiyo mumuwuze mofatsa kuti nyumba mwaikonda, koma mukufuna zinthu zitatu musanatulutse ngakhale 1 tambala: fotokope ya chiphaso cha malo, makalata a ku khoti a chuma cha malemu, ndi tsiku lokakumana ndi mayi ake a mnyamatayo pamodzi ndi abale ake. Mukamve mmene ayankhire. Mundilemberenso zomwe anene, ndipo mukapita kwa DC ku Ntcheu mutenge kalata ya amfumu ija ndi chitupa chanu cha unzika, fotokope musiye kunyumba ina.