Kandalama ka siliva kobooka: kodi ndikakweche?

Wowerenga wina wanditumizira imelo yofunsa za kandalama kamene wagula pa intaneti. Akuti kukula kwake ndi ngati chikhadabo cha chala chachikulu, kadathimbirira, kali ndi bowo pamwamba, ndipo pakuoneka mutu wa munthu, mawu akuti CAROLUS IIII ndi chaka cha 1796. Akufunsa ngati akakweche kuti kawale, komanso ngati wogulitsayo anamupusitsa.

Achimwene, phulusa ndi sitiliwulo zikhale kukhitchini komweko. Kuthimbirirako ndi kumene osonkhanitsa ndalama zakale amafuna, ndipo mukakwecha mumasiya timizere tosafufutika, mtengo nkugwa. Ine kanga koyamba ndinakatsuka ndi mankhwala otsukira mano. Kanawala ngati supuni yatsopano, koma tsitsi la mfumu linasalala, ndipo mpaka lero ndikakaona mtima umandiwawa.

Malinga ndi mmene mwafotokozera, kanuko ndi theka la real (real inali ndalama ya siliva ya Spain), ka nthawi ya Carlos IV amene analamulira Spain kuyambira 1788 mpaka 1808. Katembenuzeni. Ngati kanasulidwa m'maiko a ku America amene Spain ankalamulira, muona chishango pakati pa nsanamira ziwiri, ndipo m'mphepete muli chizindikiro cha kumene kanasulidwa. M wokhala ndi ka o pamutu ndi Mexico City, kumene anayamba kusula ndalama mu 1536. Zilembo P, T ndi S zolukana ndi Potosí, ku Bolivia wa lero, kumene siliva ankakumbidwa m'phiri la Cerro Rico ndi eni dziko ogwiritsidwa ntchito mokakamiza, thangata leni leni.

Chapafupi pali zilembo ziwiri za oyesa siliva. Izi sizinali zokongoletsera ayi, zinali zoti siliva akapezeka kuti wathiridwa mkuwa wopyola muyeso adziwe womugwira. Ku Potosí, m'zaka za m'ma 1640, akuluakulu ena ankathira mkuwa wambiri mu ndalama, ndipo nkhani itaululika Francisco Gómez de la Rocha, wamalonda a siliva amene anali m'chinyengocho, anaphedwa mu 1650.

Zoti anakupusitsani kapena ayi, sikelo ndiyo ingayambe kuyankha. Pezani yaing'ono ya osula ndolo ndi mphete. Theka la real latsopano linkalemera magalamu pafupifupi 1.7, real imodzi 3.4, ndipo chindalama cha 8 reales pafupifupi 27. Kanu koperepeseka ndi kobookako kapepukirapo pang'ono, musadabwe. Yesaninso maginito: kakamatirira, si siliva. Koma kakapanda kumatirira musavine msanga, mkuwa nawo sumatirira.

Bowolo limatsitsa mtengo, koma si umboni wa chinyengo. Anthu ankaboola tindalama totere nkutunga pa chingwe kuti tisatayike, ena ankavala m'khosi. Tinayenda m'manja ambiri, moti ku United States tinkaloledwa pogula zinthu mpaka 1857.

Mukafuna kuwonjezera, pitirizani ndi tating'ono ta mutu wa mfumu tomweti, kamodzi ka Lima ku Peru, kena ka Potosí. Zija zokhotakhota zosulidwa ndi nyundo, zotchedwa macuquina, muyambe mwazisiya, zabodza zake zimavuta kuzindikira. Kanuko kaikeni m'kaenvulopu ka pepala, ndipo mundijambulire kuseriko ndione zilembozo.